A Musazimitse a ku Ndirande

Ku Ndirande kuno, munthu yemwe ankakalipira galimoto isanaime n'komwe anali mmodzi basi, malemu a Venansio Namakhwa. Ukangokhotera pansi pa mtengo wa mango kumtunda kwa msika, pomwe panali galaja yawo, mawu ankakuchingamira: "Musazimitse!" Moni ayi. Dzina la Venansio linatsalira ansembe okha, ena tonse tinkati a Musazimitse.

Iwo ankati galimoto ikamathamanga imanama ngati mnyamata wofunsira. Zoona imanena itaima, injini ikungolira yokha popanda woponda mafuta, kuja amakaniko amati aidiling'i. Ndiye ankakuimika pomwepo, petulo wako akupsa, iwo khutu atagoneka pa boneti, uku akutafuna nzimbe. Ukati uyambe kufotokoza vuto, ankakweza chala.

"Wodwala ndinu kapena galimoto?"

Amene anamudziwa bwino mkuluyu ndi mayi Jesinta, amake Brenda a ku Goliyo. Amuna awo atamwalira anawasiyira ana ndi kapikapu kokalamba kokapikulira matimati ku Bvumbwe. Abale a mwamuna anatola mipando, wailesi, mpaka mbale. Kapikapu kanatsala chifukwa ankhoswe anachonderera, koma alamu awo a Rafaeli anasiya mawu pakhomo.

"Alamu, kakamayenda dyetserani ana. Tsiku lomwe kadzagone ndidzabwera ndi chingwe. Ndi katundu wa achimwene ameneyu."

Tsono kapikapuko kanali ndi matenda ake. Pamsewu kankayenda bwinobwino, koma kakangoima pa maroboti kankayamba kunjenjemera ngati wamalungo, kenako zii. Batire nalo linali lotopa, moti kuzima kulikonse kunali kukankha. Mavenda, amayi a mvano, ngakhale wapolisi wapamsewu, palibe yemwe sanakankheko kapikapu ka amake Brenda. Mayiwo kuopa kwawo kunali kumodzi, kuti nkhani isafike kwa a Rafaeli.

"Bambo, kakumazima ndikaima," anatero tsiku loyamba. "Ena akuti ndingokweza aidiling'i."

A Musazimitse analavula zikhungwa za nzimbe. "Amake Brenda, mwana akamatsokomola inu mumakweza wailesi?"

Anatsegula boneti n'kuyamba kuzula nthambo za mapulagi imodziimodzi ndi dzanja lopanda kanthu. Nthambo yomwe ukaizula injini osasintha kaliridwe, ndiye kuti pulagi yake ikugona pa ntchito. Koma abale, magetsi ake! Akawagwira ankadumpha, mapewa gwedegwede ngati ovina tchopa.

"Amathandiza nyamakazi," anatero akupukuta misozi.

Pulagi yogonayo inatuluka ili bii ndi mwaye. Anaikwecha ndi kawaya, kuiuzira, n'kuibwezera.

"Osagula yatsopano, bambo?"

"Iyi yalakwa chiyani? Yangoda. Inu mukada amakutayani?"

Kanalira mosalala mwezi wathunthu, kenako kanayambanso. Ulendo uno anatenga chidutswa cha paipi yothirira maluwa, mbali ina kukhutu, ina akuyendetsa pa injini ngati adokotala a ku sikelo. Anapeza kapaipi ka labala kong'aluka, komwe ankati kakuba mpweya. Anakadula ndi mano pong'alukapo n'kukalowetsanso. Ulendo wina linali dothi m'kabureta. Anamasula kajeti, kachitsulo ka bowo laling'ono kodutsa petulo, n'kukayamwa ndi pakamwa ngati fupa la nkhuku. Munthuyu anamwa petulo wokwana kupita ku Mulanje ndi kubwerako. Kutchalitchi ankawakhazika kumbuyo, kutali ndi makandulo.

Mayi Jesinta sankawakonda ayi, tisanamizane. Munthu wokuimika padzuwa matimati akufewa m'madengu, ukafunsa kuti titha nthawi yanji iye n'kumayankha boneti, ungamukonde? Ankapita chifukwa kunalibe wina wokatha kapikapuko. Akamabwerera kunyumba ankawatukwana chamumtima njira yonse, kapikapu kakulira bwino.

Chaka cha referendamu mkamwa mwa a Musazimitse munatsala pang'ono kuwaphetsa. Tauni yonse inali pa "zinthu zisinthe", ndiye dalaivala wina wa minibasi, atatopa ndi kudikira, anati, "Madala, tangosinthani mapulagiwa ndizipita."

"Ine pano sindisintha kanthu," anayankha mokweza, monga mwa nthawi zonse. "Zakale zomwezi n'zabwino, bola kuzitsuka."

Dzuwa lisanafike pamutu msika wonse unali utamva kuti a Musazimitse akukana matipate. Anyamata anakwera mtunda akuimba, ena miyala ili m'manja. Mwatsoka, galimoto yomwe inali yasa pansi pa mango tsiku limenelo inali ya mayi Jesinta. Mayiwo anaima kutsogolo kwa galasi manja atatambasula. Mwala umodzi wokha, a Rafaeli akanabwera madzulo omwewo.

A Musazimitse anakweza chala osatembenuka. "Chete. Ndikumvera."

Zodabwitsa, nyimbo inaduka. Wamkulu wa gululo anasendera pafupi.

"Madala, tiuzeni poyera. Inu muli mbali iti?"

"Mbali ya kabureta. Taima uko, ukunditchingira kuwala. Iwe wa mwalawe, bwera nawo, tiike kutayala."

Gulu lonselo linathera pa kukankha kapikapu, ndipo ena anapita kwawo atanyamula matimati ophwanyika.

Zaka zinapita choncho, kapikapu kakudwala, iwo akukadzutsa, a Rafaeli akudikira. Kenako tsiku lina mayi Jesinta anaona zachilendo. Mkuluyo anamvera nthawi yaitali, n'kudzuka akumwetulira.

"Lero ndiye kakulira bwino zedi. Mwakadyetsa chiyani?"

Kapikapu kanali katazima kalekale. Chomwe chinkanjenjemeretsa nthaka chinali chigayo cha kuseri. Anthu omwe anali pomwepo anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma mayi Jesinta sanaseke nawo. Makutu a a Musazimitse anali atayamba kugontha.

Eni akewo sanavomere. Anayamba kusanjika chibwano pa chitsulo kuti azimva kunjenjemera. Chibwano chitalephera ankaluma chogwirira cha sukuludiraiva, nsonga itagunda injini, mutu wonse uli gwedegwede. Mano akutsogolo anathera pa kapikapu ka amake Brenda. Pena ankapeza vuto, pena ankatsuka chinthu chomwe anachitsuka dzulo. Akakweza maso n'kufunsa kuti, "Kakumveka bwanji?" mayiwo ankayesa kufotokoza ndi manja, osadziwa kuti kutsokomola kwa injini munthu amakusonyeza bwanji. Zinkawawawa kuona munthu wa mwano chonchija akuyang'ana milomo ya anthu ngati mwana.

Anamwalira dzinja la 1998, atangodwala sabata yosakwana. Pa maliro panadzaza maminibasi, ndipo anthu ankaseka molira pokumbutsana mmene ankawakalipira.

Kapikapu sikanachedwe kuyambanso. Mayi Jesinta anazungulira nako magalaja a m'Ndirande, ku Makata, mpaka ku Chilomoni. Anyamata a kumeneko anali aulemu, ankapereka moni, ngakhale mpando. Wina anasintha mapulagi, wina nthambo, wina anaika kabureta yochotsa pa galimoto yakufa. Womaliza anangokweza aidiling'i. Kanayamba kubangula ngati ng'ombe ndi kumwa petulo kuposa phindu la matimati, ndipo patangopita masiku, pa maroboti kankazimabe. Mayiwo anayesa okha kukwecha pulagi ndi kawaya, kuyika khutu pa boneti. Ankamva ndithu kuti china chavuta, koma chavutacho osachidziwa.

A Rafaeli anafika m'mawa wina ndi lole ya mnzawo, chingwe chili paphewa.

"Alamu, ndamva kuti kagona."

"Kakuyenda, alamu."

"Chabwino. Kalizeni, muchotse phazi, tione."

Anzawo a pa mdadada anakankha mwa mtima wonse, ndipo kanalira. Mayi Jesinta anakaimika pabwalo phazi lili pa mafuta, manja atagwiritsa chiwongolero. Utsi unadzaza pakhomo. A Rafaeli anadikira, anakhala pa mwala, anadzukanso.

"Alamu, phazi."

Mayiwo anachita ngati sanamve. Anapondabe mpaka mwendo unatopa, thukuta likutsikira m'khosi. Panalibenso a Musazimitse oti wina athamangire kukawaitana. Kenako anakweza phazi pang'onopang'ono, ngati akutsitsa mwana wogona. Kapikapu kanadzigwedeza, kanatsokomola, n'kuti zii. Chingwe anamanga a Rafaeli okha, poti palibe anawathandiza.

Pansi pa mango paja lero pali wogulitsa kaunjika. Pa siteji maminibasi onse amangobangula, madalaivala phazi lili pa mafuta kuopa kuzima, ndipo palibe wofunsa kuti chavuta n'chiyani. Ndirande ili ndi phokoso kuposa kale, koma ife timaiona ngati yasowa munthu. Mayi Jesinta amakwera momwemo mbandakucha, dengu la matimati pamiyendo. Injini ikayamba kudwala amaimva dalaivala asanaimve, ndipo amangoyang'ana pawindo, poti alibe komutumiza.