Mfuti khumi ndi imodzi za a Ndiyeseko

A Ndiyeseko anatha zaka makumi atatu akusankha mfuti imodzi. Si kuti ankangoyang'ana ayi. Ankagula, kukayesa kudambo, kubwera nayo ali tsinya, kusinthitsa. Mfuti za chifefe khumi ndi imodzi zinadutsa m'manja mwawo, ndipo pa zaka zonsezo sipanagwe mbalame ngakhale imodzi. Anthu ankati abakha a kudambo akaona chipewa chawo ankaitana ana kuti asendere pafupi, poti pamene mkuluyu waloza ndiye panali malo abwino okulirapo.

Ine ndinawadziwa pa zaka zinayi zomaliza. Nditamaliza sekondale ndinalowa ntchito m'sitolo ya misomali, penti ndi maloko. Kumbuyo kwa sitoloyo kuli kabati ya chitsulo, chifukwa abwana ali ndi chilolezo chogulitsa mfuti zosakira. Loweruka lililonse, nditasesa kale, miyendo ikuwawa, mkuluyu ankalowa tepi yoyezera ili m'khosi. Anali telala wopuma ntchito, koma tepiyo inakana kupuma.

"Abwana, tsegulani kabati. Ndiyeseko."

Dzinalo linachokera pamenepo.

"Akulu, munayesa sabata yatha. Sizinaswane."

"Sabata yatha ndinali m'jekete. Lero ndili m'shati. Phewa lasintha."

Abwana ankapuma mozama, n'kutulutsa makiyi. Ndiye kuti ola lathunthu lapita. A Ndiyeseko ankayeza kuyambira pachigongono mpaka pachala, n'kuyezanso mtengo wa mfutiyo. Ankaikweza paphewa, n'kutsata mbalame yosaoneka kuchokera pa shelefu ya penti mpaka pa mawilibala. Aliyense wodzagula msomali ankawerama, ngakhale aliyense ankadziwa kuti m'mfutimo mulibe kanthu.

Ine ankanditchula Kachetechete, ndipo poti sindinkayankha, ndinasanduka kalasi yawo.

"Kachetechete, tamvera. Munthu wosauka amasoketsa suti imodzi. Iyenera kupita ku ukwati, kumaliro, ndi kukhoti, osachititsa manyazi. Mfuti nayo chimodzimodzi. Ndikufuna imodzi yoti njiwa ikatera mumtengo, itheke. Nkhwali ikavumbuluka paudzu, itheke. Tsekwe akadutsa m'mwamba pamwamba pa madzi, ithekenso. Yoteroyo ilipo. Ikungondibisalira."

Mfuti iliyonse imene anabweza inali ndi mlandu wake, ndipo milanduyo ankaikumbukira kuposa masiku obadwa a ana awo. Ya mpope wautali inkafika pambalame mochedwa ngati basi ya Lamlungu. Ya mpope waufupi inkangolavula machaka ngati khanda lokana mankhwala. Ya mipope iwiri ankati ndi mitala, aliyense akuyang'ana kwake. Yokoka ndi dzanja ija inkayamba yalengeza msonkhano, mbalame n'kubalalika. Ina inali yolemera ngati chitseko. Ina yopepuka inawamenya phewa, akuti, ngati anaibera mkazi. Ina anaipala ndi mpeni, ina anaisokera kapilo ka chikopa. Kupolisi, kolembetsa mfuti, ankati mapepala a mkuluyu ali ndi kabati yawoyawo.

Kudambo ankapita ndi a Wometa, amene ali ndi kanyumba kometera moyang'anizana ndi sitolo yathu. Ntchito ya a Wometa inali kunyamula thumba.

"Zaka khumi ndi zisanu ndikunyamula thumba," ankatero ataima pakhomo pathu. "Popita lopanda kanthu, pobwera lopanda kanthu. Msana wanga ndi wa mnyamata."

"Dzulo ndinatsala pang'ono," ankayankha a Ndiyeseko.

"Munatsala pang'ono kupha bango. Abwana, mukapite mukaone. Mabango onse a kumanzere kwa dambo anatha psiti. Akulu awa amameta bwino kuposa ine."

"Mfutiyi imakokera kumanzere."

"Zonse khumi?"

"Mafakitale a masiku ano, achimwene."

Chifukwa chenicheni ndinachipeza ine, ndipo sindinyadira. M'bokosi la mfuti iliyonse mumabwera kabuku ka Chingerezi kamene palibe amawerenga. Ine ndinkawerenga podikira kuti mkuluyu amalize. M'kabuku kena munalembedwa kuti munthu ali ndi diso limodzi lotsogolera, monga alili ndi dzanja limodzi lodyera. Ngati diso lotsogolera ndi lakumanzere koma mfuti ili paphewa lakumanja, maso onse ali otsegula, machaka amadutsa kumanzere kwa mbalame. Ndinatseka kabukuko, osaganizanso zambiri.

Loweruka lotsatira batani la shati la abwana linathothoka. A Ndiyeseko sankatha kupirira batani lolendewera. Anasolola singano m'chipewa, kunyambita ulusi, n'kukwezera singanoyo kumaso. Inapita yokha ku diso lakumanzere.

Pomwepo ndinakumbukira kabuku kaja.

Ndinakhala nacho zaka ziwiri. Mtsikana wolongedza misomali auza bwanji munthu wa imvi, pamaso pa abwana ndi makasitomala, kuti vuto si mfuti? Loweruka lililonse mawu ankafika pakhosi n'kubwerera. Ndinkati sabata yamawa. Pamene ndinkazengereza choncho, mfuti yachikhumi inabwezedwa ndi mlandu wa ulesi, n'kubwera yachikhumi ndi chimodzi.

Tsiku lina analowa ndi mwana wawo wamwamuna, amene anadzagula malata. Mwanayo anayankhula ndi abwana ngati bambo ake palibe.

"Adokotala akuti ng'ala yayamba. Chiphaso cha mfuti chikutha mwezi wamawa, ndipo sitikakonzanso. Musawagulitse ina, chonde. Zakwana."

Anatuluka ndi abwana kukawerenga malata. A Ndiyeseko anakhala pachitini cha penti. Kabati sanaiyang'ane n'komwe.

"Imodzi yokha, Kachetechete," anatero. "Ngakhale njiwa yodwala chifuwa. Ndingoona mmene zimagwera."

M'sitolo munalibe wina.

"Agogo," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mbewa, "talozani loko uyo ndi chala. Maso onse otsegula."

Anatembenuka kufunafuna amene wayankhula.

"Iwe uli ndi pakamwa?"

"Talozani, agogo."

Analoza.

"Tsinzinani lakumanja."

"Chala chili pomwepo."

"Tsegulani. Tsopano tsinzinani lakumanzere."

"Ii! Chathawa! Chalachi chathawa!"

Anabwereza kanayi. Ndinawafotokozera za kabuku kaja, ndi za singano, ndi kuti mfuti ayiike paphewa lakumanzere. Anamvetsera osandidula, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Kenako anavula tepi m'khosi, n'kuyamba kuipinda pang'onopang'ono.

"Wadziwa liti?"

"Papita zaka ziwiri."

"Zaka ziwiri! Ndiye kuti yachikhumi ija inafera iwe!"

Ndinayang'ana pansi. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, koma iwo anangoseka kamodzi, kuseka kouma.

"Tinapezana, mwana iwe. Iwe suyankhula, ine sindimva."

Milungu iwiri sanaoneke. Tinamva kwa a Wometa kuti akuyeserera kuseri kwa nyumba ndi mpini wa tsache, ndipo aswa kale babu la pakhonde. Loweruka lachitatu tinamva phokoso mumsewu. A Wometa anali patsogolo, thumba lili pamutu, akufuula ngati wogulitsa malasha.

"Patukani! Msana wanga wathyoka! Lero ndagwira ntchito!"

Anakhuthula tsekwe pakauntala, pakati pa maloko ndi sikelo. Anthu anadzaza sitolo. Wokonza njinga anafunsa ngati mbalameyo inafa ndi machaka kapena ndi kudabwa. Wina anati aiyeze ndi tepi, aisokere suti. Abwana anaseka mpaka misozi.

A Ndiyeseko anali kumbuyo kwa onse, chipewa chili m'manja. Anthu atachepa anafika pakauntala, n'kusalaza nthenga za pakhosi pa tsekweyo ndi chala, monga telala amasalazira kolala.

"Chipolopolo choyamba," anandiuza motsitsa. "Sindinayeze kanthu. Ndinangokweza."

"Mwachita bwino, agogo. Mwakwanitsa."

"Eya." Anasalazanso nthenga zija. "Ndiye kuti ikanatha iliyonse."

Anatembenukira kwa abwana.

"Abwana, yoyamba ija, ya mipope iwiri, inapita kwa ndani?"

"Akulu, nthawi imeneyo sitolo inali ya malemu bambo anga. Ndingadziwe bwanji?"

"Inali mfuti yabwino. Ndinaitukwana pagulu."

Kuyambira tsikulo sanalowenso m'sitolo mwathu. Ndinkawaona nthawi zina akudutsa tsidya la msewu, khosi lili lopanda tepi, akuyenda ngati munthu amene wafika msanga kumene amapita. Ankakweza dzanja, ine n'kukweza langa. Patatha miyezi isanu ndi iwiri anagona masana pampando wawo, osadzukanso.

Akazi awo anabwera patapita sabata zitatu, kudzafunsa abwana mmene angaperekere mfutiyo kupolisi. Anali mayi wamfupi, wa maso otopa. Abwana atalowa kukafuna mapepala, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiwe Kachetechete?"

"Eya, amayi."

"Ndiwe unandibwezera mwamuna kunyumba."

Sindinadziwe ngati akundithokoza kapena akundiimba mlandu. Ndinati pepani.

"Pepani wa chiyani? Zaka makumi atatu Loweruka linali langa. Ndinkachapa, kugona, kumvera wailesi. Ndiye mwadzidzidzi munthu uyu ali pakhomo, akunditsata kukhitchini, akundiuza kuti makatani ndinapachika mokhota." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Anandilozetsanso ine chala, ukudziwa? Pa chitseko cha bafa. Nanenso ndine wa lakumanzere. Anasangalala ngati wapha tsekwe wachiwiri. Akuti, mayi, zaka zonsezi timaonera mbali imodzi, nanga timakangana chiyani?"

Anaseka, nanenso ndinaseka, kenako tonse tinasiya. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinawapatsa kanthu mkulu uja kapena ndinawalanda. Mwina ndikanayankhula kale. Mwina ndikanangokhala chete mpaka mapeto.

Masiku ano wofuna mfuti amabwera ndi mapepala ake, kuloza, kulipira, kutuluka. Mphindi khumi sizikwana. A Wometa sawolokanso msewu. Amakhala pabenchi yawo akuwerenga nyuzipepala yakale. Abwana amati tsopano sitolo ikuyenda mwadongosolo, koma amanena akuyasamula. Loweruka timatseka pa nthawi yake, ndipo ndimafika kunyumba dzuwa likadali pamutu. Amayi anga amandifunsa kuti kuntchito kunali zotani. Ndimaganiza kaye, n'kuwauza kuti tinagulitsa penti.