Fungo la Pakati pa Benga ndi Boma

Akuluakulu amati tsoka silinunkha. Langa linanunkha kwa miyezi iwiri yathunthu, ndipo linatsala pang'ono kundidanitsa ndi apongozi anga aakazi, mayi amene sanandilakwirepo chikwatirireni mwana wawo. Nkhaniyi ikatuluka pabawo ndimaikana, koma popeza mapeto ake ndinapambana, lero ndiinena ndekha.

Ndili ndi kashopu pa Benga. Ndimagulitsa masola, kutchaja mafoni, komanso kuyeza mabatire a anthu. M'chikwama mwanga simusowa mita, kachipangizo kaja ka mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, kamene kamaonetsa kuchuluka kwa moto m'batire. Chaka chatha ndinagula kaminibasi kakale kopanda mphuno, kamene injini yake ili pansi pa dalaivala, ndipo batire lili m'kabokosi pansi pa mpando wa kumbuyo, kumanzere. Chigulireni, kabokosi kameneko ndinali ndisanakatsegulepo. (Galimoto inkalira ndikangopotokola kiyi, ndiye ndikanatsegulirako chiyani?)

Apongozi amakhala kumudzi cha ku Mwadzama. Ali ndi matenda othamanga magazi, miyendo imawatupa, ndipo mwezi ndi mwezi amapita kuchipatala ku Boma. Nditagula galimoto ndinadziguguda pachifuwa pamaso pa mkazi wanga kuti zoti amayi azithithikana m'maminibasi zatha, ndiziwanyamula ine.

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi amaopana. Suwayang'ana m'maso, sudya nawo mbale imodzi, ndipo nkhani yolemera imadzera mwa mkazi wako. Choncho tsiku la ulendo woyamba iwo sanakhale kutsogolo pafupi ndi ine. Anasankha mpando wa kumbuyo, pakona ya kumanzere, kutali ndi ine monga mwa ulemu. Mkazi wanga anatsala pashopu, tinanyamuka awiriwiri.

Tinayenda bwino theka la ola. Kenako linabwera. Linayamba pang'onopang'ono ngati likupempha malo, kenako linadzaza galimoto yonse, fungo la dzira lovunda lenileni, lokanda pakhosi. Ine ndinkadziwa kuti si ine. M'galimotomo tinalimo anthu awiri. Ndinaba kuyang'ana pagalasi, ndinaona apongozi atatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje, maso ali panja. Ndinawamvera chisoni. Ndinati mumtima, mayi wachita manyazi, ukalamba ndi mankhwala a kuchipatala zawononga m'mimba. Ndinatsitsa windo pang'ono, mochenjera, ngati ndikungofuna kamphepo. Nawonso anakankha windo lawo. Mpaka ku Boma palibe anatsegula pakamwa, ndipo pobwerera zinali chimodzimodzi.

Kunyumba ndinayamba mozungulira.

"Amayi akamaonana ndi dokotala azinena zonse," ndinatero kwa mkazi wanga. "Asamabise zina."

"Zina ziti?"

"Za m'thupi basi. Munthu akamakula zinthu zimamasuka."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Patapita masiku awiri anapita kumudzi, n'kubwerako ndi botolo la madzi ofiirira muli mizu.

"Amayi akuti muzimwa m'mawa ndi madzulo. Akutinso musiye kaye nyemba, mazira ndi mbatata."

Ndinapsa mtima. Ndinati taonani gogoyu, mlandu wake akuukankhira kwa ine. Koma mankhwala ochokera kwa apongozi sukana, ndiye ndinamwa. Anali owawa ngati ndulu, ndipo ine amene m'mimba mwanga munalibe vuto ndinatha masiku atatu ndikupondaponda njira ya kuseri kwa nyumba. (Mkazi wanga anakauza mayi ake kuti mankhwala akugwira ntchito.)

M'masabata omwewo galimoto inkandiuza zambiri, ine osamva. Nyale zake zinkawala moti anzanga pa Benga ankati ndaika za ndege, ine n'kumanyadira. Mababu ankapsa sabata iliyonse, ine n'kumatukwana ogulitsa kuti akutibweretsera zinthu zabodza. Wailesi inatulutsa kautsi n'kukhala chete. Koma fungo lija silinkabwera ndikamazungulira pafupi, kukasiya sola apa ndi apo pang'onopang'ono. Linkadikira ulendo wautali, ndipo ulendo wautali ndinkayenda ndi munthu mmodzi yekha. Kwa ine umboni unali utakwana.

Ulendo wachiwiri ndinakonzeka. Ndinapopera pelefyumu wa mkazi wanga pamipando, ndipo ndinaganiza zothamanga kwambiri kuti mavuto athe msanga. Ndinaponda moto. Fungo linafika msanga kuposa kale, lamphamvu moti maso ankatuluka misozi. Apongozi anatulutsa ndimu m'kathumba, anaiboola ndi chala n'kuigwirizira pamphuno. Ine ndinati eti, munthu wabwera ndi zida, akudziwa zimene amachita.

Mwezi wachitatu usanakwane, amalume a mkazi wanga, eni mbumba, anandikokera pambali titakumana pamsika.

"Akamwini, ndinu mwana wathu," anatero motsitsa mawu. "Wobisa matenda, maliro amamuulula. Mlongo wanga akudandaula kwambiri za inu. Akuti munthu wamoyo satulutsa zotere."

Ndinafuna kuwauza kuti akafunse bwino mlongo wawoyo, koma mkamwini sanena zimenezo. Ndinangoti, "Ndamva, amalume." Pobwerera ndinaona azimayi awiri a kumudzi kwa mkazi wanga akundipatsa moni ataima patali ndithu.

Tsiku la chipatala litayandikira, uthenga unabwera kudzera mwa mkazi wanga kuti amayi akuthokoza, koma ulendo uno akwera minibasi. Apa zinandipweteka zenizeni. Kuchoka kumudzi kwawo kufika pamsewu wa tala ndi mtunda, ndipo miyendo yawo ndinkaidziwa. Mayi wodwala anasankha kuyenda pansi ndi kukathithikana ndi matumba a mpunga kusiyana ndi kukwera galimoto ya mkamwini wake, ndipo mudzi wonse unkadziwa chifukwa chake.

M'mawa wa tsikulo ndinanyamuka ndekha kupita ku Boma. Kunyumba ndinati ndikukatenga katundu wa pashopu, koma zoona zake n'zakuti mtima sunkandilola kukhala. Ndinathamanga ndi mkwiyo, ndikudziyankhulira ndekha mawu onse amene sindikanatha kuwauza amalume aja. Nditatsala pang'ono kufika, fungo linabwera.

Ndinayang'ana pagalasi. Mpando unali wopanda munthu.

Abale anga, kwa mphindi zingapo ndinakhulupirira kuti amalume ananena zoona. Ndinaganiza kuti mwina pali matenda ena amene mwini wake samva kanthu zikamachitika. Ndinaima pambali pa msewu thukuta lili kamukamu, ndinatuluka, ndinadzinunkhiza malaya ngati wamisala. Panja panalibe fungo. Nditatsegula chitseko cha kumbuyo linandimenya kumaso, ndipo mphuno inanditsogolera mpaka pakona ya apongozi. Pansi pa mpando pankamveka kaphokoso ngati nyemba zikuwira mumphika.

Ndinatsegula kabokosi kaja. Batire linali lotentha losagwirika, m'mbali litatupa, pamwamba pali chinyezi cha asidi. Ndinatsegula zitseko zonse, ndinakhala patali kudikira kuti lizizire ndi mpweya uchoke, chifukwa batire lowira likakumana ndi kamoto kakang'ono limaphulika. Ndili chikhalire pamenepo ndinakumbukira mita imene inali m'chikwama changa miyezi yonseyi, pampando wa pambali panga.

Nditaliza injini ndinagunditsa mawaya a mita pamitu ya batire. Galimoto yabwinobwino injini ikamalira imaonetsa mavoloti 14, kupitirira pang'ono kapena kuchepera pang'ono. Yanga, injini ikungolira payokha, inali pa 15 ndi kanthu. Ndinaika mita poti ndizitha kuiona, n'kuponda moto. Nambala inakwera, 16, kenako 17, ikufunabe kupita. Zonse zinagwirizana nthawi imodzi, mababu, wailesi, ndi fungo lobwera paulendo wautali wokha. Alutaneta, makina amene amatchaja batire injini ikamazungulira, inkathira moto wopanda muyeso, ndipo ine pothamanga kuti ndithawe fungo ndinkasonkhezera ndekha. Ndinaseka pamsewupo mpaka wakabaza wina anacheuka. Chibadwire sindinasangalalepo chonchi poona chinthu changa chitawonongeka.

Ndinayatsa nyale ndi fani kuti zidyeko moto wina, n'kuyenda ngati kamba mpaka kwa a Sumaili, fundi wa magetsi a galimoto amene amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika.

"Regyuleta yafa," ndinalengeza ndisanapereke ndi moni womwe. Regyuleta ndi kachipangizo ka m'kati mwa alutaneta kamene kamaletsa moto kupitirira muyeso.

"Mwaswera bwanji kaye," anatero a Sumaili akupukuta manja. "Musathamangire kuipha. Nthawi zina waya wa ethi, uja womangidwa kuchitsulo cha galimoto, wachita dzimbiri, kapena kawaya kouza regyuleta za moto wa m'batire kamasuka. Ikatero imaganiza kuti batire lili ndi njala, n'kumangolipakulira."

Anapala waya wa ethi mpaka kuwala, anatsuka pulagi ya kuseri kwa alutaneta n'kuibwezera molimba. Tinayezanso. Nditaponda moto, 17 yemweyo.

"Basi, mwalondola ndinu," anatero. "Tiyeni tiimasule nthawi ya swala kumzikiti isanakwane."

Ataitsegula, regyuleta inali yakuda mbali imodzi. Anaika ina, tinaikanso batire lina chifukwa lakale linali litatheratu. Nditaponda moto mpaka injini kukuwa, mita inaima pa 14.2 osasuntha.

"Koma wallahi, fungo limeneli mumakhala nalo bwanji miyezi iwiri?" anafunsa. "Inu woyeza mabatire?"

"Ndimayesa ndi zina," ndinayankha, ndipo anandichitira chifundo osafunsanso.

Batire lakale ankafuna kulisunga, koma ndinakana. Ndinalikulunga m'thumba n'kuliika kumbuyo kwenikweni, chifukwa mlandu wanga unkafunika mboni.

Apongozi ndinawapeza kunja kwa chipatala atakhala pamwala, akudikira minibasi padzuwa, nsapato atavula chifukwa cha kutupa kwa mapazi. Atandiona anayang'ana kumbali. Ndinanyamula batire lija, ndinaliika pansi patsogolo pawo, n'kubwerera m'mbuyo masitepe atatu ndi kunjuta.

"Amayi, wodwala uja ndam'peza. Ndi uyu. Amakhala pansi pa mpando wanu."

Anayang'ana batirelo, anawerama pang'ono, n'kubweza mutu msanga. Ndinawafotokozera zonse, maso anga ali pansi, kuti moto unkachuluka, madzi a m'batire n'kumawira. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye kuti si inu, bambo?"

"Si ine, amayi."

"Mizu ija munamwera chabe?"

"Ndinamwera chabe."

Anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Ine chimwemwe chinadzaza tsaya, ndikuona kale nkhope ya amalume akamva. Kenako mapewa aja anasiya kugwedezeka.

"Nanga poti inu mumadziwa kuti si inu," anatero pang'onopang'ono, "mumaganiza kuti ndi ndani?"

Funso limeneli sindinalikonzekere. Ndinayang'ana batire, batire silinandithandize.

"Ndimaganiza kuti ndi nsomba zija amagulitsa pamlatho wa Chia, amayi."

"Nsomba za pa Chia zimatitsatira mpaka ku Boma?"

"Mphepo, amayi."

Kwa nthawi yoyamba chikwatirireni mwana wawo, apongozi anandiyang'ana m'maso. Kenako anatola nsapato zawo.

"Bodza lanu lili ndi ulemu," anatero. "Tsegulani chitseko. Tikadzere kwa achimwene, akamuone wodwalayu ndi maso awo."

Tinayenda ulendo wonse mpweya uli bwinobwino, ndipo ndinakawatsitsa pakhomo pawo penipeni anthu akuona. Amalume ananunkhiza batire kamodzi kokha n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Pofika Lamlungu mudzi wonse unali utamva kuti mkamwini uja ali bwino, ndiponso kuti ndi katswiri amene anagwira matenda a galimoto ndi kamita ka m'chikwama. Mbali yoti kamitako kanagona m'chikwamamo miyezi iwiri sindinaione yofunika kuifalitsa.

Masiku ano mababu akayamba kupsa motsatizana kapena ndikamva kafungo kachilendo, ndimayamba ndayeza moto ndisanaganizire munthu aliyense. Ndimawauzanso makasitomala anga chimodzimodzi, ndi nkhope ya munthu amene wakhala akudziwa zimenezi kuyambira kale. Mkazi wanga akamandimva amangotuluka panja kukaseka.