A Sichoncho ndi Mutu wa Alamu Awo

A Sichoncho, wometa tsitsi wa pamsewu wathu uja, anali munthu wosavomera kanthu. Ukawauza kuti kunja kwatentha, ankayamba asuzumira pakhomo, kenako n'kukufunsa kuti ukuyerekeza ndi dziko liti. Dzina lawo lenileni linalipo ndithu, koma linachita dzimbiri chifukwa chosaitanidwa, poti mawu oyamba kutuluka pakamwa pawo pa nkhani iliyonse anali akuti "si choncho". Akuluakulu amanena kuti ngakhale pa ukwati wawo, abusa anachita kufunsa kawiri.

Shopu yawo inali kachipinda ka mpando umodzi, galasi long'aluka pakona, benchi ya odikira, ndi wailesi yomangidwa ndi mphira kuti mabatire asagwe. Wailesiyo ndiyo inkabweretsa nkhani za dziko, ndipo iwo ankaiyankha ngati ikuwamva. Vuto linali lakuti manja awo ndi pakamwa pawo sizinkagwira ntchito nthawi imodzi. Mtsutso ukangoyamba, makina ometera ankachoka pamutu n'kuyamba kuloza kudenga, iwe uli pampando, nsalu ili m'khosi, mbali ina mpala, mbali ina nkhalango. Kuthawa sukanatha, poti palibe munthu wamkulu angayende mumsewu ndi mutu wotero.

Tsiku lina dalaivala wa basi, ali pampando, anangodandaula kuti boma litsitse mtengo wa mafuta.

"Si choncho," anatero a Sichoncho, makina ali m'mwamba kale. "Likatsitsa, aliyense agula galimoto yake. Basi yanuyo akwera ndani? Mbuzi?"

Dalaivalayo, pofuna kuti makina abwerere pamutu, anavomera msanga kuti ndiye akweze.

"Akweze? Mukufuna ife tiziyenda wapansi mpaka zidendene zing'ambike? Anthu ena mulibe chisoni."

"Nanga atani, bambo?"

"Funso limenelo ndi labwino. Tiyeni tiyambire kumene mafutawo amachokera."

Basi ya tsiku limenelo inanyamuka ndi dalaivala wina.

Ulendo wina pabenchi panakhala abusa ndi makaniko, anthu amene sankayankhulana chifukwa cha galimoto ya abusayo, imene inalowa m'galaja ikuyenda n'kutulukamo ikukankhidwa. Wailesi inatchula za anthu opita kumwezi. Abusa anati munthu sanapondeko kumeneko, ndi bodza la azungu. Makaniko anati anapondako. Tonse tinati lero a Sichoncho agwira njakata, poti ayenera kuvomereza mmodzi.

Anatembenukira kwa abusa. "Anafikako, abusa, mpaka mapazi awo alipo. Inu mumakhulupirira kuti nsomba inameza munthu, koma izi zokha zakukulirani?" Kenako anatembenukira kwa makaniko. "Nanga inu, galimoto ya abusa yomweyi inakukanikani. Mukukhulupirira bwanji kuti pali injini yofika kumwezi osawira m'njira?"

Awiriwo anatuluka atakwiya mofanana, ndipo pofika pamphambano anali atagwirizana kale.

Koma amene anasenza mtanda weniweni ndi a Telala, amene ankasoka pashopu yoyandikana nayo. Anakwatira mchemwali wa a Sichoncho, choncho kukametetsa kwina kukanakhala nkhani ya pabanja. Anali munthu wofatsa, wa tepi m'khosi ndi choko kukhutu, ndipo pa moyo wawo sankafuna zambiri. Ankangofuna kuti tsiku limodzi lokha, asanalowe m'manda, amve mlamu wawoyo akunena kuti, "Alamu, mwanena zoona." Chinthu chaching'ono chimenechi chinawadya mtima mpaka imvi.

Nkhani yawo yaikulu inali ya kaunjika. Apa a Telala ankadziwa kuti aima pamwala, poti inali nkhani ya ntchito yawo.

"Boma liletse kaunjika," ankatero. "Zovala zovula anthu akunja zikutiphera ntchito."

"Si choncho, alamu. Wosauka avale chiyani? Buluku munandisokera lija, mwendo wina unkafika kumsika wina usanatuluke m'nyumba. Kaunjika ndi amene akukuphunzitsani kuyeza."

A Telala anapita kunyumba, anaganiza, ndipo anapeza nzeru imene anaiona kuti ndi yoopsa. Tsitsi lisanamere n'komwe anabwerera pampando atanyamula mawu a mlamu wawo omwe aja.

"Ndaganiza bwino, alamu. Kaunjika asaletsedwe. Wosauka avale chiyani?"

"Amene wakuuzani zimenezo sakonda dziko lake," anayankha a Sichoncho. "Ife tikhale dzala la mayiko ena? Mafakitale athu adzadzuka liti?"

"Munanena ndinu, sabata yatha, pampando womwe uno."

"Sabata yatha ndinali mwana, alamu. Munthu amakula."

Mkazi wa a Telala ankangoseka. "Asiyeni achimwenewo, bambo. Anayamba kutsutsana ndi amayi asanamere mano. Inu mukuona ngati mungawathe?" Koma a Telala makani anali atawalowa m'mafupa. Anayamba kumvetsera wailesi ngati mwana wa mayeso. Anaphunzira za msonkho, za kugwa mphamvu kwa ndalama, za kusintha kwa nyengo, mpaka kudziwa mayina a mitsinje ya mayiko amene sadzawaonako. Zonsezo ankapita nazo pampando, n'kubwera atazitaya.

Tsiku la ukwati wa mwana wawo wamkazi, mkazi wawo anawalumbiritsa. Akalowe, akhale, atseke pakamwa, ametedwe, atuluke. A Telala analumbira. Mwatsoka, m'mawa umenewo wailesi inali ndi nkhani ya mayiko awiri akuluakulu amene ankaopsezana nkhondo.

"Inu muli mbali iti, alamu?" anafunsa a Sichoncho, akuyamba kumeta kumanzere.

A Telala anangoyang'ana galasi.

"Ndaona. Kusakhala mbali. Imeneyo ndi ndale ya amantha. Mapanga awiri avumbwitsa."

A Telala analuma mlomo. Kumanzere kunatha bwinobwino, makina anali pafupi kuwolokera kumanja.

"Komanso n'zomveka," anapitiriza a Sichoncho mofatsa. "Telala ayenera kuima pakati. Nkhondo ikayamba, mayunifomu a mbali zonse mudzasoka ndinu."

"Ine sindidyera magazi a anthu," anaphulika a Telala.

Basi, makina anapita kudenga. Anakambirana za akazembe, za malire, za amene amagulitsa mfuti kwa ndani. Pamene ankati abwerere kumutu, magetsi anazima.

"Ndinakuuzani kalekale kuti mugule sola," anatero a Telala.

"Si choncho. Dzuwa ndi wantchito wodalirika? Chinthu choti madzulo aliwonse chimaweruka osatsanzika?"

"Ndiye malizani ndi lumo."

"Lumo ndi sayansi yakale, alamu. Sindingabweze dziko m'mbuyo chifukwa cha ukwati umodzi."

A Telala anapereka mwana wawo atavala chipewa. Pakhomo pa tchalitchi abusa anawapempha kuti avule, koma atasuzumira pansi pake anachibwezera okha n'kunena kuti, "Valani, Mulungu amvetsa." Zithunzi zonse za ukwatiwo zili ndi chipewa chimenecho. Ku phwando a Sichoncho anapatsidwa mwayi woyankhula monga amalume a mkwatibwi, ndipo anatsutsana ndi mlangizi amene anati banja ndi kumverana.

Chaka chathachi a Sichoncho anayamba kuwonda. Poyamba anakana kuti sakudwala, kenako anatsutsana ndi dokotala za dzina la matenda, kenako shopu inatsekedwa. A Telala atapita kukawaona anawapeza tsitsi litakula, wometa wopanda womumeta. Anabwerera kukatenga makina aja, anawakhazika alamu awo pampando wa pakhonde, n'kuwafunditsa nsalu m'khosi. Tisabise, mumtima mwawo munali kachimwemwe koipa, poti lero makina anali m'manja mwawo.

Anameta kumanzere, kenako anaima n'kukweza makina m'mwamba.

"Alamu, nkhani ya kaunjika ija. Ine ndikuti boma liletse."

A Sichoncho anatsegula maso pang'ono. "Mwanena zoona, alamu."

A Telala anaima chilili. Mawu amene anawadikira moyo wawo wonse anali atafika, ndipo anali ozizira ngati madzi a m'mawa. Chimwemwe chija sichinakhalitse, m'malo mwake munalowa mantha.

"Ndikutinso boma lisindikize ndalama zambiri, lizigawa pamsewu, aliyense alemere."

"Zoona."

"Ndipo dziko lapansili ndi lafulati ngati tebulo langa lodulira nsalu."

"Mukatero inu, ndi momwemo."

"Alamu, nditsutseni," anatero a Telala. "Zimene ndikunenazi ndi zopusa. Mukuzimva nokha."

"Ndatopa, alamu. Malizani kumanjako, mphepo ikundilowa."

A Telala anamaliza. Anameta mosamala, kuseri kwa makutu ndi m'khosi momwe, misozi ikugwera pansalu. Patangopita masiku owerengeka, a Sichoncho anatisiya.

Mushopu muja munalowa wometa wina, bambo waulemu wake, wa manja achangu. Ukamuuza kuti msonkho wakwera amati, "Zoona, bwana." Ukamuuza kuti watsika amati, "Zoonadi, bwana." Mitu ya pamsewu wathu tsopano ndi yosalala mbali zonse, basi imanyamuka ndi dalaivala wake, ndipo benchi imangokhala ndi fumbi, poti palibe chodikirira. Abusa ndi makaniko anayambananso. Nduna zikalengeza zinthu pawailesi timangogwedeza mitu n'kupitiriza ntchito, ndipo pena munthu umadabwa kuti pa nkhaniyo iwe maganizo ako ndi otani. Sitinkadziwa kuti maganizo athu tinkakawanola pampando paja. Timawasowa a Sichoncho, ngakhale ife amene tinkatukwana potuluka.

A Telala anasiya kumvetsera wailesi. Mkazi wawo, amene anataya mchimwene wake koma n'kumadera nkhawa mwamuna, anawafunsa tsiku lina chifukwa chake sayankhulanso za dziko.

"Si inu munapambana, bambo?"

A Telala anatenga nthawi kulowetsa ulusi pasingano.

"Kupambana kwake kuti? Munthu anavomera atatopa. Ine ndinkafuna avomere ali chiimire, mphamvu zake zonse zilipo." Anaponda makina pang'ono n'kuimanso. "Ndipo za kaunjika zija, ndikaganiza bwino, mwina ankalondola ndi iwo."

"Ulendo uti? Poti achimwene ananena zonse ziwiri."

"Ndiye vuto lake limenelo, mayi," anatero a Telala. "Ndikafunsa ndani?"