Mpweya wa M'matayala Anga

Usiku wapitawu ndinalota njinga yanga ikundiyankhula, ndipo inu a Lipenga musayambe kuseka ndisanamalize. Nonse pabawo pano mukudziwa kuti dzulo ndinapangana ndi wogula zitsulo zakutha uja kuti abwere m'mawa adzaitenge. Ndinatopa nayo. Mawondo anakana kalekale, ana ali kutauni ndipo foni yawo imagwira ntchito akafuna ufa basi, njingayo n'kumangondiyang'ana pakhonde ngati ndinaipalamula. Chimodzi chokha ndimainyadira, ndipo ndakuuzanipo mpaka munatopa nane: yakhala zaka osayenda, koma matayala ake sanaphwepo. Zinthu zakale zinali zinthu.

Ndiye m'malotomo ndinapezeka ndili kunyanja ku Nkhotakota, dzuwa litangotuluka, pamchenga paja tinkapikula usipa wokagulitsa kumtunda ku Ntchisi. Dengu linali litamangidwa kale pakaliyala. Njinga inatsokomola ndi belu lake.

"Kwerani, a Msokera. Ndamva kuti mwandigulitsa. Palibe kanthu, koma tiyende kaye msewu wathu uja."

"Mawondo," ndinatero ine.

"Asiyeni pompano, tidzawatenga pobwerera."

Ndiye ndinavula mawondo aja ngati nsapato, n'kuwabisa pansi pa bwato lovundikira, poti anthu a kunyanja sindiwakhulupirira. Miyendo inapepuka ngati ya mnyamata, ndipo ndinayamba kupalasa.

Msewu unali womwe uja wafumbi, wa timiyala totakataka, wotsata gombe. Timiyalato tinkanong'onezana pansi pa matayala: "Wabweranso wodandaula uja." Nyanja inkanditsatira pambali ngati galu, ndikaima nayonso n'kuima. Zitunda zinkakwera ndi kutsika zokha ngati nthiti za ng'ombe yogona, moti ndikafika pamwamba ndinkangodikira kuti chitunda chitulutse mpweya, ine n'kupezeka pansi. M'dengu muja usipa unkakangana za amene ananyenga anzake kuti atsatire nyali.

Mwadzidzidzi anandipitirira anthu a njinga za masiku ano, aja timawaona Loweruka, ovala zothina ngati achule, kumutu atavala zigoba za fulu. Aliyense foni pachiwongolero, foniyo n'kumamuuza kuti khota kumanzere.

"Mukukagulitsa chiyani?" ndinafunsa mmodzi.

"Palibe, madala. Tikungosangalala ndi msewu."

"Kukwera zitunda zonsezi opanda katundu? Kulibe maliro kumene mukupitako?"

Anaseka, n'kundipatsa botolo la madzi. Sindinamwe, simudziwa zimene anthu amathiramo. Koma botololo linati, "Imwani, bambo inu, si aliyense akukufunirani zoipa." Ndiye ndinamwa pang'ono. Anali madzi basi, ozizira bwino. Poti ndibweze botolo, onse anali atasanduka atombolombo, akuuluka cha kumapiri.

Ndiye nyanja inatsalira, inati kumtunda siizolowera, ndipo ndinafika pachipata cholowera m'nkhalango. Panali mkulu wovala khaki, ndodo m'khwapa. Anazungulira njinga, n'kutsina tayala lakumbuyo.

"Mpweya uli umu ndi wa ndani?"

"Ndi wanga, bwana. Njinga ndi yanga."

"Sindinafunse za njinga."

Akuyankhula choncho, mchira unatuluka m'thalauza mwake, ubweya n'kumera m'masaya, ndipo pomaliza mawuwo anali nyani wathunthu, chipewa chokha chili pomwepo. Anagwada n'kununkhiza tayala.

"Bodza. Mpweya uwu ukununkha utsi wa nkhuni ndi sopo wochapira. Inu munachapapo liti?"

Ndinafuna kumutukwana, koma nyani wovala chipewa cha ntchito satukwanika. Anatapa usipa dzanja limodzi, monga mwa kale, n'kukweza chipata ndi mchira.

M'nkhalangomo munali mozizira, anzanga, kuzizira kuja kumafika mpaka m'mafupa otopa. Mitengo inkapatukana yokha kuti dengu lidutse, masuku akupsa n'kumagwera m'kamwa mwanga ndisanapemphe. Ndinali nditaiwala kuti dziko lino lili ndi malo otere. Ndinamva manyazi pang'ono.

Mwadzidzidzi kutsogolo kunaima chitunda cha Kalirangwe, chija chinkatithyola misana. Inu a Lipenga mukudziwa mmene tinkachikwerera. Umatsika panjinga, chifuwa pachiwongolero, mutu pansi, ndipo sucheuka zivute zitani, chifukwa ukangopotoza khosi dengu limapendekeka, usipa wonse m'fumbi. Ndiye ndinakankha chimodzimodzi. Pakati pa chitunda njinga inapepuka, monga inkachitira masiku onse.

"Waona?" ndinaiuza. "Mphamvu zachiwiri. Ine pano ndinkakwera ndekha, palibe anandigwirirapo dzanja."

"Cheukani," inatero njinga.

"Dengu ligwa."

"Usipa wake ndi wam'maloto, ugwe."

Ndiye ndinacheuka. Kumbuyo kwa dengu kunali manja. Mayi wina wosenza nkhuni amene sindimudziwa n'dzina lomwe. Kumbuyo kwake munthu wa makala akukankha msana wa mayiyo. Kumbuyo kwake malemu Chakwawa, uja ndinkati amandiyenda pambuyo kuti andibere usipa. Mzere unatsika chitunda chonse, kudutsa m'nkhalango, mpaka kunyanja, wina kukankha wina. Ndi inu omwe a Lipenga munalipo, mukukankha ndi chala chimodzi, dzanja linalo likudya usipa wanga.

"Anthu onsewa anachokera kuti?"

"Analipo masiku onse," inatero njinga. "Akafika nanu pamwamba ankangopatuka n'kumapita zawo. Inu mutu pansi, mukutukwana boma."

Ndinati ndiwathokoze, koma m'kamwa munali mutadzaza nthanga za masuku. Ndikalavula imodzi, zina ziwiri n'kubwera.

Ndiye tinafika pamwamba, ndipo pamwambapo panali msika. Wodula ziphaso anabwera akuthamanga, koma asanandifike anagwa chagada n'kudzuka ali mbuzi, n'kuyamba kutafuna ziphaso zake zomwe. Palibe anadabwa. Mwadzidzidzi anthu anapatuka, ndipo panatulukira fisi atakoleka sikelo pakhosi, atavala malaya a wogula zitsulo uja.

"Tinapangana, madala," anatero.

Ananyamula njinga n'kuikoleka pasikelo. Kenako anapukusa mutu.

"Ine ndimagula chitsulo. Mpweya sindigula."

Analuma tayala lakumbuyo. Fwiii. Ndipo mpweya ukamatuluka, anthu a pachitunda aja nawonso ankaphwa. Mayi wa nkhuni anapyapyala ngati chitenje chopachika, wa makala anagwa ngati thumba lopanda kanthu, Chakwawa anangondiyang'ana n'kufota. Ndinati ndithamange ndikamulande fisiyo, ndiye ndinakumbukira kuti mawondo ndinawasiya kunyanja, pansi pa bwato. Ndinakwawa. Njinga inandiyang'ana ndi nyali yake yosweka ija.

"Musadandaule, a Msokera. Mwini mpweya wafika."

Pansi pa sikelo panali munthu atanjuta, atandifulatira, chitenje chake cha maluwa ofiira chimene ndimachidziwa bwino. Fisi akatulutsa, iye n'kubwezeramo. Fwi, fwi, fwi. Anthu aja anayamba kudzuka mmodzimmodzi. Ndinalavula nthanga yomaliza, ndipo ndili pafupi kutchula dzina lake, maso anga anatseguka.

Kunja kunali kutayera. Fisi kunalibe, msika kunalibe, mawondo anali pamalo pake akupweteka monga mwa masiku onse. Koma phokoso lija silinasiye. Fwi, fwi, fwi, pakhonde.

Ndinatuluka chopenyapenya. Akazi anga a Nangozo anali atanjuta pa tayala lakumbuyo, pampu m'manja, chitenje chawo chili chomwe chija.

"Munayamba liti zimenezi?"

Sanatembenuke n'komwe. "Chisiyireni inu kukwera. Mumayesa imapuma yokha?"

"Nanga lero mukupoperanji, poti ikupita?"

"Ipite yophwa ngati yopanda mwini? Inaphunzitsa ana anga iyi."

Kenako ndinati zikomo. Apo ndiye anatembenuka, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwadwala, bambo a Tiyesere?"

"Sindinadwale. Wa zitsulo uja akabwera mumuuze kuti njinga ili ndi eni ake ambiri, ndipo sanavomere."

"Mumuuze nokha, munamuitana ndinu. Gwirani chiwongolero apa, latsala lakutsogolo."

Ndinagwira. Fwi, fwi, fwi.