Gemu mu Babashopu Yanga ya ku Chawama

Lolemba

Lero zinthu zisintha. Makina a gemu ali pashelefu, pansi pa tivi, pafupi ndi galasi. Mlamu wanga wabwera nawo kuchokera ku Joni, pamodzi ndi mapadi awiri osewerera ndi diski ya mpira. Nzeru yanga ndi iyi: munthu akabwera kudzameta n'kupeza mzere, asamapite ku babashopu ya Mulenga ya pafupi ndi msika. Azikhala pansi, azisewera, azidikira. Chigulitsireni kampani yathu n'kutitaya pamsewu, babashopu iyi ndiyo munda wanga. Akazi anga, amake Tiya, akuti, "Mwaitana mavuto." Iwo amagulitsa salaula, zovala zakaunjika zija, za malonda amakono azidziwira kuti?

Lachiwiri

Shopu yadzaza! Benchi yonse, pakhomo, ena akusuzumira pawindo. Ometa: palibe.

Si ana ayi. Ndi amuna a ndevu zawo, ena tsitsi ngati chisa cha khwangwala, koma mashini yanga yometera akuiyang'ana ngati njoka. Mtsogoleri wawo ndi Gifiti. Amamutcha Pulofesa chifukwa amaswera ku kafe ya intaneti ku tauni. Padi sanaigwire n'komwe, wayamba kale:

"Iyi gemu ni yakudala, mudala. Pa intaneti bonse baikana."

Onse ndani? Akuti gulu lawo, anthu a ku Ulaya ndi ku Amereka amene amalemberana nawo za magemu. Anzake apamtima, ati. Nkhope zawo sanazionepo. Wina dzina lake ndi manambala okhaokha.

Lachitatu

Zimene andiphunzitsa lero za gemu yanga yomwe:
udzu wa m'bwalo sunabiriwire bwino;
goloboyi ndi chitsiru kuposa wa mu gemu ya chaka chatha;
ya chaka chatha ndiyo inali gemu, ngakhale chaka chathacho ankaitukwana;
padi imodzi ndi yolodzedwa.

Yolodzedwayo nthawi zonse imakhala kwa amene wagonja. Ndasinthanitsa mapadi iwo asakuona. Ufiti wasamuka, watsata wogonja.

Ba Tembo, mkulu wa mpingo wathu, amene ndawameta zaka zonsezi, aima pakhomo. Pokhala palibe. Wina akutukwana woimbira mpira wa mu tivi mpaka kutchula amake. Ba Tembo akonza jekete, atembenuka. Ndawaona ndi maso anga akulowa kwa Mulenga.

Lachinayi

Pulofesa akuti madiski a kumsika ndi a anthu otsalira, gemu yeniyeni imagulidwa pa sitolo ya pa intaneti. Ndatseka shopu, tsiku lantchito lathunthu, takwera minibasi mpaka ku kafe ija ya ku tauni. Ine chitsiru!

Sitolo yake ilibe khomo, ilibe wogulitsa woti umunenerere. Tsamba likutseguka ngati nkhalamba ikuvula malaya. Likufunsa dziko langa. Ndifufuza mpaka pansi penipeni, Zambia mulibe. Likufuna kadi ya ku banki. M'thumba ndili ndi ya ku kiliniki ndi ya ubatizo. Mwini kafe abwera, asuzumira, aseka mpaka kutsokomola. Akuti gemuyo ndi ya pa kompyuta, makina anga sangaiwerenge, ndipo pa waya wawo ingamalize kutsika pa Khirisimasi.

Ndifunsa Pulofesa kuti iye anagula bwanji yake.

"Awe, ine nimabelenga chabe vamene balemba banzanga."

Chabe! Gemu imene wakhala akundigonthetsa nayo m'kutu sanaisewerepo chibadwire.

Lachisanu

Lamulo latsopano, ndalemba pa katoni n'kukhoma pakhomo: YAMBA WAMETA, NDIYE USEWERE.

Achita msonkhano panja, pafupi ndi ngalande. Chigamulo: ndine wopondereza, ndafanana ndi makampani akuluakulu a magemu amene samva madandaulo a anthu. Ine! Mpando umodzi, thaulo, botolo la sipiriti! Pulofesa akuti akandilemba pa gulu lawo kuti dziko lonse lidziwe. Ndiye mzungu asiye chakudya chake azidandaula za babashopu ya ku Chawama?

Wavomera kumeta ndi mmodzi yekha, Chanda, wadazi lofika kunkhongo.

"Pitisanipo chabe mashini, bakamba, lamulo ikwane."

Ndapititsa. Enawo alowa pambuyo pake, akuti abwera kudzamuchemerera.

Loweruka

Tsiku la maukwati, tsiku limene ndimameta mpaka msana kuuma. Lero ometa akungosuzumira, aona khamu, apitirira.

Koma ba Tembo abweranso! Mulenga anawakhotetsa mzere wa pachipumi, ndipo mawa ndiwo akulalikira. Mtima wanga mbee. Ndipukuta mpando kawiri, ndiwafunda nsalu yochapa, ndichenjeza a pabenchi kuti pakamwa pakhale paukhondo. Mashini ili pamwamba pa khutu, ndikuyenda nayo mwaulemu.

Chigoli!

Benchi yonse m'mwamba. Wina andigunda chigongono. Msewu! Kuchokera pakhutu mpaka paliwombo, woyera, minibasi ikhoza kudutsa. Ba Tembo ayang'ana pagalasi nthawi yaitali.

"Chosani chabe vonse," atero.

Ndiwameta mpala, munthu wa imvi zake zaulemu. Kumbuyo kwanga akukangana ngati chigolicho chinali ofusayidi. Palibe ndi mmodzi yemwe waona zimene achita.

Kunyumba amake Tiya amva kale kumsika. Akungotsuka mbale, akuimba nyimbo ya kwaya mokweza kwambiri.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala benchi yakumbuyo. Mutu wa ba Tembo ukuwala paguwa. Iwo sakundiyang'ana, mpingo wonse ukundiyang'ana m'malo mwawo.

Masana ndalonga makina mu katoni, mapadi ndi diski yomwe, ndakatula kwa mlamu. Akagulitse, akaponye m'ngalande, zake zimenezo. Ndatsegula shopu kuti ndingosesa.

Abwera. Onse. Ayang'ana shelefu yopanda kanthu, akhala pabenchi, aliyense pamalo pake. Pulofesa akuti ndachita bwino, makinawo anali achikale. Ayamba kukangana za gemu imene idzatuluke chaka chamawa. Akuti yaipa kale.

Palibe amene wafunsa kuti makina apita kuti. Ndawapempha akweze miyendo ndisese pansi. Akweza, osasiya kulankhula.