Nkhondo ya Nsapato Zofika m'Akakolo

Tcherani khutu, inu a mibadwo yakudza, mumve za chaka chowawitsa chija, pamene mtendere unasamuka m'nyumba ya Wometa, Mkango wa Lumo, Mgonjetsi wa Ndevu Zouma.

Ngwaziyi inali ndi nsapato za basiketibo, zachikale zija zofika m'akakolo, zansalu yakuda, kumphuno koyera ngati dzira. Mpira sanauponyepo chibadwire, koma akazivala ankayenda ngati msewu ndi wa bambo ake, osapinda zala poopa makwinya.

Tsono kunabwera apongozi ake aamuna, Njovu Yopuma Pantchito, mapazi atatupa ndi ulendo wa pabasi. M'mawa mwake anapeza nsapatozo pakhomo, nalowetsamo mapazi, namanga zingwe mpaka pamwamba.

"Izi ndiye nsapato," anatero. "Zikundigwira akakolo ngati nesi."

Wometa mtima unamuwawa, pakuti mbala ungailande nsapato, koma munthu amene anakuberekera mkazi umamuyamba bwanji? Anasonkhanitsa asilikali ake onse m'khitchini, ndiye kuti mkazi wake.

"Mayi a nyumba ino, dziko lalandidwa. Kalankhuleni ndi bambo anu."

"Pakamwa muli napo," anayankha mkaziyo, osasiya kudula anyezi.

Gulu lankhondo linabalalikira pomwepo. Ngwaziyo inalowa yokha m'bwalo la nkhondo, pabalaza, manja ali kumbuyo.

"Bambo, nsapatozitu n'za anyamata othamanga."

"N'chifukwa chake," inatero Njovu. "Inenso ndayamba kumva unyamata."

Inadzukadi, ndodo n'kuisiya kuseri kwa chitseko, ulendo kukagula buledi, ntchito imene miyendo yake inakana kalekale. Wometa anaonerera pawindo nsapato zake zikupindika mopanda chisoni. Pambali pake mkazi wake ankapukuta misozi poona bambo ake akuyenda okha, ndipo Mkango unadziwa kuti wagonja pankhondoyo.

Pangano la mtendere linamangidwa masana omwewo, pa botolo limodzi la chakumwa logawidwa m'makapu atatu. Nsapato zinapatsidwa kwa apongozi mpaka muyaya. Wometa anavekedwa udindo wa Mlonda Wamkulu wa Nsapato, wokhala ndi ufulu wokaziona Lamlungu lililonse ndi kuzichapa.

Atagunditsa makapu, Njovu inamugwira paphewa mwachikondi.

"Zikadzatha izi, mwana wanga, musadzavutike n'kundiyeza phazi. Saizi yathu ndi imodzi."