Malamba Opanda Dzina

Lolemba, 1 Okutobala 1956

Ndikuyamba bukuli kuti choonadi chikhale ndi pogona. Pa mphasa pali malamba achikopa asanu ndi limodzi, osokedwa ndi manja anga. Singano yabaya kasanu ndi katatu pa inchi iliyonse. Ndawerenga kawiri. Loweruka ndikawagulitsa kusitolo ya pamsewu wa ku Lusaka, pomwe Wilisoni Sakala amayala tebulo lake.

Za Sakala ndilembe kamodzi kokha, ndisadzabwerezenso. Tinagwira ntchito limodzi m'tauni, m'nyumba yosokeramo zikopa, iye zaka makumi awiri, ine makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Zaka khumi ndi zisanu zapitazo ndinasoka chikwama cha bwana wamkulu, masabata atatu osadzutsa mutu. Tsiku lokachipereka ndinatsekula m'mimba. Sakala anachinyamula kupita nacho ku ofesi. Anabwerako ali kapitawo. Popuma ntchito iye anapatsidwa wotchi, ine ndinagwidwa chanza. Tsopano ali ndi ng'ombe zisanu ndi ziwiri kutsidya kwa dambo, ndipo akandiona amaseka ndi mano onse nati, "Akulu anga!" ngati panalibe kanthu.

Phunziro: ntchito yopanda dzina ndi ya amene waiyenda nayo.

Zida zomwe ndili nazo:
1. Mpeni, wonoledwa.
2. Choboolera cha sipoko ya njinga.
3. Singano ziwiri, ulusi, phula la njuchi.
4. Lula yamatabwa, yanga, osati ya boma monga ena ananenera.
5. Chidindo cha dzina langa: palibe.

Sakala ali nako kachidindo kake, kachitsulo kangati chala, komwe amadinda nako kumchira kwa lamba aliyense. Ine ndajambula zilembo ziwiri za dzina langa papepala lathunthu, zazikulu bwino kuti mmisiri aone ngodya iliyonse, ndipo pansi pake ndalemba kuti zichepetsedwe zifike theka la inchi. Pepalalo ndalipereka kwa ba Chipungu, wosula zitsulo wa m'mudzi muno, wa mtundu wa Asoli, wa mawu ochepa. Aliyang'ana nthawi yaitali, nati, "Mailo, ba mdala. Vamene ivi nivimene muzapeza." Ndiye kuti mawa. Munthu womvetsa.

Lachiwiri, 2 Okutobala

Tsiku la mtengo. Lamulo langa ndi limodzi: lamba wanga apose wa Sakala ndi tiki. Osati mapeni awiri, osati anayi. Tiki, kuti anthu afunse chifukwa chake, ine ndiyankhe.

Chotsala ndi kudziwa mtengo wa Sakala. Ine sindingafunse. Ndatuma amake Rozi, mkazi wanga, kuti akapite ngati akukagula mchere. Abwera dzuwa lili pamutu ndi lipoti ili:

Mphunzitsi wa kusukulu analipira masheleni anayi ndi sikisipensi.
Woyendetsa lole, masheleni asanu.
Mlimi wina wa kwa Nkomeshya, nkhuku.
Mayi wamasiye wogulira mwana wake, debe la mtedza wosasenda, lodzabwera pambuyo pokolola.
Mlamu wake wa Sakala, ulere, ndi kapu ya thobwa pamwamba.

Ndafunsa kuti pa zonsezi mtengo weniweni ndi uti. Amake Rozi akuti, "Ayang'ana nsapato za munthu, ndiye anena." Abweranso ndi mazira anayi, akuti Sakala watumiza moni.

Ndakhala ndi pensulo masana onse. Kodi pa nkhuku munthu amaonjeza bwanji tiki? Ndayesa kusandutsa nkhuku kukhala ndalama, koma lipoti silikunena ngati inali yaikazi kapena tambala. Ndawafunsa amake Rozi. Akuti, "Atate ake Rozi, imwani madzi."

Ndasankha mphunzitsi, chifukwa ndi munthu wowerenga. Mtengo: masheleni anayi ndi mapeni asanu ndi anayi. Wokhazikika. Wopanda kunenerera.

Mazira aja sindidya. Chidindo sichinathe, ba Chipungu akuti chitsulo chachepa. Sindikumvetsa. Theka la inchi lingachepetse bwanji chitsulo?

Lachitatu, 3 Okutobala

Chidindo chabwera.

Ndilembe mwadongosolo. Achinyamula paphewa ba Chipungu eniake. Chili ndi mpini wotalika kufika m'chiuno mwanga. Zilembo zake ndi mainchi anayi m'litali, zofanana ndendende ndi za papepala, ngodya iliyonse, ngakhale pomwe pensulo inaterereka pang'ono. Lamba wanga ndi inchi imodzi ndi theka m'lifupi.

Ndawaonetsa mawu a pansi pa pepala. Akuti ankayesa ndi kapinga ndajambula, pomwe ng'ombe yaima. Ba Chipungu sawerenga. Palibe anandiuza. Akuti moyo wawo wonse munthu akabwera ndi zilembo papepala amafuna chitsulo chootchera ng'ombe pantchafu, ndipo anakondwera kumva kuti ndagula ng'ombe. "Zili kuti, tikaziyese?"

Ndilibe ng'ombe. Ndili ndi mbuzi imodzi, nayonso ndi ya amake Rozi.

Ntchito yawo ndi yaukhondo, zimenezo sindingakane. Anadula mkombero wa ngolo kuti chitsulo chikwane. Ndalipira. Sindikudziwa wolakwa ndani, ndipo izi zikundisautsa kuposa ndalamazo, chifukwa ine nthawi zonse ndimadziwa wolakwa.

Lachinayi, 4 Okutobala

Maganizo atsopano: ngati dzina lonse silikwana, mwina mwendo umodzi wa chilembo choyamba ungakwane. Odziwa adzazindikira.

Ndatenthetsa chitsulo pamakala. Ndayala lamba woyamba pa chitsa. Ndagwira mpini ndi manja awiri, monga wosinja. Ndatsitsa.

Utsi! Fungo lafika mpaka kwa oyandikana nawo. Agalu awiri abwera kudzakhala pansi mwaulemu. Lamba waduka pakati. Pa chitsa patsala dzina langa lonse, looneka bwino kwambiri.

Malamba otsala: asanu.

Maganizo achiwiri: lamba akule afike pa chidindo. Ndatenga chikopa chotsala, ndalemba mzere wa mainchi asanu m'lifupi. Amake Rozi aima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, kenaka akuti, "Azavala ni mvuu ya mu Chongwe?" Ndawafotokozera kuti asilikali akale ankavala otero. Akuti asilikaliwo anafa. Ndafufuta mzerewo.

Zidutswa ziwiri za lamba wopsa azitenga, azikhomera pa chitseko cha khitchini chomwe chakhala chikugwa kuyambira dzinja. Chitseko chikutseka bwino tsopano. Akuti ndi chinthu choyamba chothandiza chotuluka m'ntchito imeneyi. Singano kasanu ndi katatu pa inchi, pa chitseko cha khitchini.

Lachisanu, 5 Okutobala

Ndabwerera kwa ba Chipungu ndi pepala lina, zilembo zili pa kukula kwake kwenikweni. Aliyandikiza kumaso, alitalikitsa, aitana akazi awo kuti nawonso aone. Akuti, "Aka ni ka mbewa. Nyundo yanga singakwanise. Pitani ku tauni." Lole ya ku tauni imapita Lachiwiri. Msika ndi mawa.

Ndayesa kulemba dzina ndi inki m'kati mwa lamba. Chikopa chamafuta chikukana inki. Chala chikangodutsa, dzina lachoka. Ndayesa kulicheka ndi mpeni pa kachidutswa. Likuoneka ngati nkhuku yapalasa.

Ndaganiza motere: dzina lidzakhala ine mwini. Ndidzakhala pambali pa malamba, ndipo wogula aliyense ndidzamuuza amene wasoka, komwe anaphunzira, ndi nkhani ya chikwama cha bwana wamkulu mwachidule. Ndayeserera pamaso pa amake Rozi. Yatenga mphindi makumi awiri, mwa kuyerekeza, popeza wotchi ili ndi wina. Iwo anapita kukatunga madzi ndili pakati.

Ndalemba mtengo pa katoni ndi zilembo zozungulira bwino. Ndasita jekete.

Loweruka, 6 Okutobala

Ndikulemba ndili chigonere, nsalu yonyowa pamphumi.

Ndafika kusitolo m'mawa. Mthunzi ulipo umodzi, wa khonde, ndipo pakhondepo pali tebulo la Sakala. Wandiona, wakuwa: "Akulu anga! Bwerani apa, malo yalipo!" Wayamba kale kusuntha katundu wake. Ndamuyankha mwaulemu kuti ndili bwino pomwe ndili. Ndayala mphasa mapazi makumi awiri kuchokera pakhonde, padzuwa la Okutobala, m'jekete.

Obwera kwa ine:
Mlimi mmodzi. Wapinda lamba, wamununkhiza, wafunsa ngati ndi wa ba Sakala. Ndayamba nkhani ya chikwama. Wachoka ndisanafike potsekula m'mimba.
Mayi wina. Wapereka masheleni anayi. Ndamulozera katoni. Akuti, "Nikamba na imwe, osati na pepala." Ndati pepalalo ndi ine. Wapita.
Woyendetsa lole. Wafunsa chifukwa chake palibe chidindo, kodi ndi akuba?

Pakhonde kuli kuseka. Sakala akuyeza anthu m'chiuno ndi chingwe, akuwanena kuti anenepa ndi ndalama za chimanga, iwo akumunena dazi lake, ndipo ndalama zikusintha manja pakati pa chipongwecho. Sindikuona pomwe mtengo ukunenedwa. Ndayang'anitsitsa. Sindikuuona.

Cha m'ma 12 katoni yayamba kuoneka iwiri. Chotsatira chomwe ndikukumbuka ndi denga la ngolo ya munthu wosamudziwa, ndi nkhope ya amake Rozi. Malamba? Akuti, "Ali pabwino, gonani."

Dzuwa litapendeka, njinga pabwalo. Sakala. Wakhala pa chitsa chija, pa dzina langa penipeni, wandithira m'manja masheleni makumi atatu. Onse asanu agulidwa, sikisi sikisi. Amake Rozi anamusiyira kuti angosunga.

Ndafunsa kuti zatheka bwanji. Akuti, "Nangoikapo kachidindo kanga, anthu akadziwa. Nawauza kuti aya ni yapamwamba, sikuti masiku onse." Sanachotsepo ngakhale peni. Kenaka watsitsa mawu, nati: "Imwe musoka bwino kupambana ine, akulu anga. Nidziwa kuyambira kale, pa chikwama chija."

Zaka khumi ndi zisanu ndadikira mawu amenewa. Ndinawakonzera malo: pamaso pa anthu, ine nditaimirira. Abwera ndili pamphasa, ndavula malaya, mboni zake mbuzi ndi amake Rozi, omwe panthawiyo anali kupeta mtedza ndipo akuti sanamve.

Yankho lomwe ndinalisunga zaka zonsezi silinabwere. Ndati zikomo. Sindikudziwa chifukwa chake.

Potuluka waona chitsulo cha dzina langa chija chitatsamira khoma. Ndamva akukambirana ndi amake Rozi, koma mutu unali kulira.

Lamulungu, 7 Okutobala

Titatuluka m'tchalitchi, mphunzitsi wandiimitsa. Wakweza malaya pang'ono kundionetsa lamba watsopano. Wanga. Akuti, "Onani, bambo, inu amene munagwirako ntchito ya zikopa. Ba Sakala ali ndi manja. Ndawerenga, kasanu ndi katatu pa inchi." Munthu woyamba m'dziko lino kuwerenga. Ndatsegula pakamwa, belu la katekisimu lalira, wathamanga.

Pobwerera tadzera kudambo. Ng'ombe za Sakala zikudya m'mbali mwa njira. Pa ntchafu ya iliyonse pali zilembo ziwiri, mainchi anayi, zatsopano, ngakhale pomwe pensulo inaterereka. Ndaziwerenga ng'ombezo: zonse zisanu ndi ziwiri.

Amake Rozi akuti Sakala anapempha kubwereka chitsulo chija, iwo anavomera, popeza chinangokhala. Sakala mwini watulukira kuseri kwa chulu, akuseka ndi mano onse. Akuti akuba ng'ombe achuluka kumsewu, ndipo chizindikiro chotere palibe wina ali nacho kuyambira kuno mpaka ku Kasisi. Ndamuuza kuti limenelo ndi dzina langa. Akuti, "Ng'ombe siwerenga, akulu anga. Ndipo ise ndise amodzi." Wafunsanso ngati ndingasoke ena khumi pofika Loweruka.

Momwe zinthu zilili madzulo ano:
Ntchito yanga ikuyenda m'chiuno mwa anthu ndi dzina la Sakala.
Dzina langa likudya udzu kudambo pa chuma cha Sakala.
Mtengo wanga waposa wa Sakala ndi sheleni ndi theka, koma anauika ndi Sakala.

Ndafunsa amake Rozi ngati pamalamulo ng'ombezo sizikhala zanga. Akuti ndikayese kuzikama ndione.

Mazira aja aphikidwa lero. Ndadya awiri. Ndanola mpeni. Chikopa cha malamba khumi ndikachifuna mawa.